Tsiku Limene Ababa Anaodira Pakhomo Panga

Ababa anafika ku Nairobi m'nyengo yozizira, ali ndi majekete awiri, chipewa chaulusi ndi Baibulo lawo lakuda limene sankathanso kuliwerenga. Ng'ala inali itaphimba maso onse awiri. Kwathu ku Dowa ankazindikira anthu ndi mawu okha, ndipo achimwene anga atandiimbira foni kuti madala ayamba kupereka moni kwa zitsa, ndinati abwere kuno adzawaone madokotala. Anakana miyezi itatu yathunthu. Kenako tsiku lina anangovomera, osanena chimene chawasintha maganizo.

Ine ndimagwira ntchito ku bungwe lina loona za madzi akumidzi, ndipo ndimakhala ku Ruaka ndi mwana wanga wamkazi, m'nyumba zosanjikizana zija, kumwamba kwachinayi. Nthawi imeneyo mwanayo anali ndi zaka khumi ndi zitatu. Bambo ake anatithawa iye asanabadwe, ndipo nkhani yawo ithere pomwepa chifukwa ndilibe nayo mawu abwino.

Opaleshoni anawachita pachipatala china ku Parklands, diso lakumanja lokha, linalo n'kulisiyira ulendo wina. Tinabwerera kunyumba Lolemba, diso limodzi atalimata ndi thonje, linalo likungoona utsi wokhawokha. Dokotala anawaletsa kuwerenga, kuwerama ndi kunyamula zolemera. Ababa anamvetsera mwaulemu ndithu, koma titangokwera galimoto anandifunsa ngati kupemphera chogwada kuli m'gulu la kuwerama. Ndinati kuli momwemo. Iwo anati dokotalayo ndi mwana wa dzulodzuloli, sadziwa kanthu.

Zinangochitika kuti Lamulungu la sabata lomwelo mwana wanga ankayenera kudya mgonero koyamba. Anali atamaliza kalasi patchalitchi chimene timapemphera kuno, pamodzi ndi anzake angapo. Ababa atamva zimenezi anaiwaliratu za diso.

"Ndiye mwawakonzekeretsa bwanji akazi angawa?" anandifunsa. Mdzukulu wawoyo ankamutchula choncho, monga amachitira agogo akwathu.

"Akonzeka, Ababa. Diresi yoyera tinagula, nsapato zilipo."

"Ine ndikufunsa za munthu, iwe ukundiuza za nsalu."

Ababa anakhala mkulu wa mpingo zaka zoposa makumi atatu, ndipo kwathu sabata la mgonero linali ndi malamulo ake. Madzulo alionse tikangotha kudya, mbale zisanatsukidwe, tinkawerenga mawu, wailesi n'kupuma kaye. Loweruka aliyense ankayenera kufufuza mumtima mwake ngati pali munthu amene wamulakwira kapena amene akumusungira chakukhosi, n'kupita kukakonza dzuwa lisanalowe. Wachakukhosi sadya, ankatero Ababa. Ine ndi achimwene tinkapepesana mokakamizidwa, uku tikupondana zala pansi pa tebulo. Masana a Loweruka lomwelo kutchalitchi kunkakhala mapemphero okonzekera, akulu ampingo n'kugawa makhadi, ndipo wopanda khadi sankayandikira gome.

Ine khadi langa linalandidwa ndili ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Ndinali nditangoyamba kumene uphunzitsi pamene zinadziwika kuti ndili ndi pakati, ukwati palibe. Akulu ampingo anakhala pansi n'kugamula kuti ndidulidwe, monga ankachitira ndi wina aliyense. Pa zimenezo ndilibe dandaulo, malamulo ndinkawadziwa. Chimene chinandilasa n'chakuti wowerenga zolengeza chaka chimenecho anali Ababa. Anaimirira kutsogolo, anawerenga za msonkhano wa amayi, za ntchito youmba njerwa, kenako dzina langa lonse, bwinobwino, ngati akuwerenga dzina la munthu wa m'mudzi wina. Mawu awo sananjenjemere ngakhale pang'ono. Ine ndinali pabenchi yakumbuyo, ndikuyang'ana zala zanga zakuphazi.

Wodulidwa ankayenera kulowa kalasi ya obwerera kwa miyezi ingapo, kenako n'kubwezeretsedwa pamaso pa mpingo. Ine sindinalowe. Ndinapita ku Lilongwe, ndinachira, ndinapeza ntchito ina, kenako ya kunoyi. Ndi Ababa sitinakanganepo ayi. Tinkacheza za mvula, za feteleza, za sukulu ya mwana. Amayi atamwalira tinalira limodzi. Koma nkhani ijayi tinkangoizungulira monga muja munthu amazungulira chithaphwi atavala nsapato zatsopano, ndipo zaka khumi ndi zinayi zinatha choncho.

Kuno ku Nairobi palibe amene amafunsa khadi. Abusa amangoitana onse obatizidwa amene akonzeka mumtima, mbale ya mkate ndi ya timakapu n'kumayenda m'mabenchi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa za ku Dowa. Ndikanatha kutenga, ndipo kangapo ndinatambasula dzanja, koma linkabwerera lokha. Mutu unkandiuza kuti ndi zakale, mtima n'kumati mlandu suwola. Ndinkangolandira mbaleyo n'kupatsira woyandikana nane. Mwana wanga atakula n'kuyamba kufunsa, ndinamuuza kuti chakumwacho chimandipatsa chilungulira. Bodza lopanda miyendo, koma linayenda zaka zingapo.

Ndiye sabata limenelo, tikusita yunifolomu yake ya kusukulu, anandifunsa mwachindunji.

"Mamu, Sande ino mudya, eti? Olo kamodzi kokha. Makolo a anzanga onse adya."

"Tiona."

"Tiona wanuyo ndimamudziwa ine."

Ndinamuuza kuti asandiyankhule ngati mnzake wa m'kalasi, koma usiku umenewo chakudya sichinandilowe. Ndinkaopa zinthu ziwiri zimene kwenikweni zinali chimodzi: kumukhumudwitsa pa tsiku lake, ndi kumuuza chifukwa chenicheni, pakuti chifukwacho chinali iye mwini.

Ababa anakhazikitsa malamulo a ku Dowa m'nyumba mwanga osandipempha n'komwe. Wailesi ya kanema inazimitsidwa, mafoni anaikidwa pamwamba pa filiji. Tsiku loyamba anapereka Baibulo kwa mdzukulu wawo kuti awerenge. Mwanayo Chichewa amayankhula, chosakaniza ndi Chizungu ndi Chiswahili, koma kuwerenga ndi nkhani ina. Anapunthwa pa liwu lililonse lalitali mpaka Ababa anaseka, akugwira thonje la padiso kuti lisagwe.

"Akazi anga, mukutafuna mawu a Mulungu ngati chimanga chokazinga. Apatseni amayi anu."

Choncho wowerenga ndinakhala ine. Iwo ankangotchula mutu ndi ndime kuchokera m'mutu, osaphonya, ine n'kutsegula. Tsiku loyamba inali nkhani ya nkhosa imodzi imene inasochera, mbusa n'kusiya zinzake zonse kukaifuna. Lachiwiri, ya mayi amene anasesa nyumba yonse kufunafuna kandalama kake. Lachitatu, ya mwana uja anachoka kwawo n'kukavutika kudziko lakutali. Pofika apa mtima wanga unali utawira. Munthu sufunika kupita kusukulu ya ubusa kuti udziwe amene akunenedwa. Dziko lakutali n'liti ngati si Kenya? Ndinawerenga mothamanga, ndikudumpha mpumiro, ndipo atangoti ameni ndinakatsuka mbale ngati zandilakwira. Mumtima ndinkati, munthu ndakulipirirani ndege, ndikukuthirani mankhwala m'diso kanayi pa tsiku, inu n'kumandilalikira pamaso pa mwana wanga.

Lachinayi anati tibwereze ya nkhosa ija. Nditamaliza anafunsa mdzukulu wawo chimene watolapo. Mwanayo anaganiza kanthawi, akuluma chala.

"Agogo, nanga mbusayo akanapanda kupita? Akanangokhala, kumadikira kuti ibwera yokha?"

Pansi pamsewu makondakitala a matatu, maminibasi a kuno, ankaitanira anthu opita m'tauni.

"Ikanafera kutchire," anatero Ababa. "Tipemphere."

Loweruka m'mawa mwana anapita kutchalitchi kukayeserera za mawa lake, poti ankayenera kuimirira kutsogolo n'kuyankha mafunso. Titatsala awiri, Ababa anandipempha kuti ndiwasitire jekete yakuda ndi malaya oyera, ndiwamangenso tayi. Ndinafunsa kumene akupita ndi diso lomata. Anati pafupi pompa. Atavala anatenga ndodo ndi Baibulo, anapapasa khoma mpaka kupeza chitseko, anatuluka n'kutseka. Ndinaima pakati pa balaza, ndikuganiza kuti mwina mankhwala awasokoneza mutu. Kenako ndinamva kugogoda.

"Odi kuno!"

Mawuwo anali a Ababa.

"Odi! Eni nyumba alipo?"

Nditatsegula ndinawapeza ataima chilili, chipewa chili m'manja. Mayi wa nyumba yoyang'anana ndi yathu anali atasuzumira, tsache lili m'manja.

"Mzee ako sawa?" anafunsa, kufuna kudziwa ngati madalawo ali bwino.

"Ako sawa," ndinamuyankha, ngakhale ine mwini ndinkakayika. Kenako kwa Ababa, poti pakamwa pamazolowera: "Odini. Lowani."

Analowa n'kuima, kudikira kuti ndiwapatse mpando m'nyumba imene anali atagonamo sabata ziwiri. Ndinawagwira dzanja n'kuwakhazika. Ndinapezeka kuti ndakhala pansi pa kapeti, miyendo nditapinda, ine amene ndimatsogolera misonkhano ya azungu.

"Muli bwanji, mayi?" anatero.

"Ndili bwino, kaya inu Ababa?"

"Lero si Ababa. Ababa mwawasiya kuchipinda. Ndabwera ngati mkulu wa mpingo wa dera lanu, kudzakuyenderani."

Chibadwire anali asananditchulepo kuti inu. Pamenepo mpamene ndinazindikira chimene chikuchitika, chifukwa ndinali nditachionapo kambirimbiri ndili mwana. Munthu akadulidwa, mkulu wa mpingo wa dera lake ankavala jekete, n'kukwera njinga kukamuyendera kunyumba kwake. Ankaodira, kukhala pansi, kucheza naye, kumulimbikitsa kuti alowe kalasi. Akakana ankapitanso. Ababa anali katswiri pa ntchito imeneyi. Panali bambo wina wotcheza kachasu kutsidya kwa dambo amene anamuyendera mpaka agalu a pakhomopo anasiya kuwauwa.

"Ndachedwa," anatero. "Ndimayenera kubwera mwezi womwe uja. Ndinayendera zidakwa, ndinayendera amitala, ndinayendera wina amene anaba mbuzi ya abusa. Inu nokha sindinakuyendereni. Ndinkauza anzanga kuti sindikufuna anthu anene kuti ndikukondera mwana wanga. Limenelo linali bodza. Ndinali ndi manyazi, ndinalinso ndi mkwiyo. Amayi anu anandikumbutsa kangapo, ine n'kumati mawa."

Kenako anapitiriza.

"Sabata lonseli mwakhala mukundiwerengera mokalipa. Ndimamva, makutu anga alibe ng'ala. Inu mumamva za nkhosa. Ine ndimafuna ndimve za mbusa, ndione ngati ndingapeze ndime imene imamulola kukhala pakhomo. Sindinaipeze."

Anandiuzanso chimene chinawakweretsa ndege. Achimwene atawauza kuti mdzukulu akumaliza kalasi, iwo anafunsa ngati mayi wake amadya mgonero kumeneko. Achimwene anayankha kuti sadya. Ababa anali akuganiza zaka zonsezi kuti ndinakonza kalekale ku Lilongwe, kapena kuti kunja kuno zoterezi zilibe ntchito. Za maso, anati, akanatha kufa nazo.

Wina akhoza kuyesa kuti ndinagwa pamapazi awo ndi misozi. Ayi ndithu. Ndinapsa mtima kuposa kale lonse, ndipo zimene ndinazisunga zaka khumi ndi zinayi zinatuluka zosasefa. Ndinawauza za benchi yakumbuyo, za amayi amene ankasuntha ndikakhala pafupi nawo, za mmene ndinachirira ku Lilongwe popanda wachibale wondidikirira kupatula Amayi. Ndinakweza mawu m'njira imene mwana wa kwathu sakwezera bambo ake. Iwo anangowerama mutu, chipewa chili pamaondo.

"Panalibe wina woti awerenge?" ndinafunsa. "Akulu ampingo analipo angati? Ndipo mawu anu sananjenjemere n'komwe, Ababa. Munangowerenga ngati za njerwa zija."

"Anzanga anadzipereka kuti awerenge. Ndinakana, ndinkati ndionetse chitsanzo." Anapuma kaye. "Za mawuzo, ndinakayeserera kumunda masiku atatu kuti asanjenjemere. Ndinkatchula dzina lako pakati pa chimanga mpaka lizituluka bwino."

Apa anali ataiwala inu uja. Ndipo apa mpamene ndinalira, kulira kwenikweni kwa mamina, chifukwa zaka zonsezo ndinkakhulupirira kuti sizinawapweteke. Anapapasa mpaka kupeza mutu wanga n'kusiya dzanja pamenepo.

Nditatonthola ndinayesa kuti zatha, koma Ababa ndi Ababa. Anati iwo paokha alibe mphamvu yobwezeretsa munthu, imeneyo ndi ntchito ya abusa. Ndinawauza kuti kuno zimenezo kulibe, anthu atiseka. Anati aseke. Choncho tinatsika masitepe onse aja, mmodzi ndi mmodzi, tinakwera matatu, kondakitala n'kuwapatsa mpando wakutsogolo ataona thonje ndi tayi.

Abusa athu ndi munthu wachinyamata, wansangala. Anatilandira mu ofesi yawo n'kuitanitsa tiyi. Ababa anafotokoza nkhani yonse m'Chizungu chawo cha sukulu zakale, chowongoka ngati mzere wa fodya, osasiyako kanthu ngakhale mbali yawo. Abusa anamvetsera, kenako anati, mwaulemu, gome la kuno silinatsekedwepo kwa ine, ndikanatha kudya tsiku lililonse.

"Linatsekedwa ku Dowa," anayankha Ababa. "Chimene chinatsekedwa ndi pakamwa chitsegulidwe ndi pakamwa."

Abusa anandiyang'ana, ndipo ndikuganiza kuti anaona pankhope panga kuti madalawo sakunama. Anasiya kumwetulira. Anandifunsa mafunso ochepa okhudza chikhulupiriro changa ndi kulapa kwanga, ndinayankha, anapemphera, kenako ananena momveka kuti ndalandiridwanso pa gome la Ambuye. Ababa anawapempha kuti abwereze, atchule dzina langa lonse. Anabwereza. Ndinadabwa kuona mmene mawu wamba otero, onenedwa mu kaofesi konunkha utoto, anandipepukitsira mapewa.

Tikutuluka tinakumana ndi mwana wanga akuchokera koyeserera kuja. Anatiyang'ana, agogo ali mu jekete, ine maso ali psuu.

"Kwachitika chiyani? Wamwalira ndani?"

Ndinati tikakambirana kunyumba. Ndinadziwa kuti tsopano yatsala mbali yanga, pakuti linali Loweruka, dzuwa linali lisanalowe, ndipo panali munthu mmodzi amene ndinkamunamiza chaka ndi chaka. Titafika ndinamuitanira pakhonde pamene timayanika zovala. Ndinamuuza kuti za chilungulira zija zinali zabodza, ndipo ndikupepesa. Ndinamufotokozera tanthauzo la kudulidwa, ndi kuti ine ndinadulidwa kalekale chifukwa ndinatenga pakati ndisanakwatiwe. Ndinayesa kusankha mawu ofewa, koma mwanayo masamu amakhoza.

"Zaka fotini," anatero. "Ine ndili ndi fetini." Anayang'ana pansi pamsewu. "Ndiye ndi ine."

"Ayi. Cholakwa chinali changa ndi cha bambo ako. Iwe ndiwe chinthu chokhacho chabwino chimene chinatuluka m'chaka chimenecho. Ukundimva?"

Anagwedeza mutu, koma sanandiyang'ane. Kenako anafunsa funso limene ndinkapemphera kuti asafunse.

"Anakuimikani pamaso pa anthu onse? Ananena ndani?"

Bodza linali pafupi, lokonzeka kale. Koma munthu sungapepese bodza limodzi ndi bodza lina.

"Anawerenga dzina langa ndi agogo ako. Inali ntchito yawo. Ndipo lero apepesa."

Analowa kuchipinda kwake n'kudzitsekera. Chakudya chamadzulo sanadye nafe, kowerenga mawu sanabwere. Ababa anafunsa kumene kuli akazi awo, ndinawauza zoona. Anangoti, "Wachita bwino kumuuza," koma nawonso chakudya anangochigwiragwira. Tsiku limenelo ndinawawerengera ndekha, mawu aja onena kuti ukafika ndi chopereka chako n'kukumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, uyambe wapita kukayanjana naye. Ndinawerenga pang'onopang'ono, osadumpha kanthu.

Lamulungu m'mawa anatuluka atavala diresi yoyera ija, tsitsi atalipesa yekha. Mtima wanga unakhala pansi, koma osati kwa nthawi yaitali. Anakaima patsogolo pa agogo ake, amene ankamwa tiyi.

"Agogo, munanena nokha kuti wachakukhosi sadya. Ine ndili nacho. Ndi inu. Ndipita kutchalitchi, ndiyankha mafunso, koma sindikudziwa ngati ndidye."

"Akazi anga, bwerani kuno kaye."

"Musanditchule choncho."

Ndinafuna kumukalipira kuti akuyankhula ndi wamkulu, koma Ababa anakweza dzanja. Anaika kapu pansi, anagwira m'mphepete mwa tebulo, n'kuyamba kutsika pampando. Ndinakuwa kuti diso, Ababa, dokotala anakana! Sanandimvere. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri anagwada pa matailosi ozizira pamaso pa kamtsikana ka sukulu, nkhope atalozetsa pambali pang'ono chifukwa sankaona bwino pamene kaima.

"Wanena zoona, lamulo ndi lomwelo, ndipo sindilisintha chifukwa lero landigwira ine. Ndinawalakwira amayi ako. Ndinakulakwiranso iwe usanabadwe, chifukwa ndinachita manyazi ndi munthu amene ndinali ndisanamuone. Ndikupempha undikhululukire. Sindikukukakamiza ayi. Ukaona kuti mtima sunamasuke, usadye, gome silithawa. Koma ukapanda kudya iwe, inenso sindidya. Ndidikira."

Mwanayo anangotenga kachikwama kake n'kukaima pakhomo. Ndinawadzutsa Ababa, ndikuwakalipira chapansipansi za diso, ndipo tinanyamuka. M'matatu ndinakhala pakati pawo, ndikudziimba mlandu kuti ndamuonongera mwana tsiku lake chifukwa chofuna kupepukidwa ine. Ndinapemphera pemphero lalifupi kwambiri pa moyo wanga, lopanda ngakhale mawu oyamba aulemu aja: musalole kuti zanga zimugwere iyeyu.

Kutchalitchi ana omaliza kalasi anawakhazika benchi yakutsogolo. Ife tinapeza malo chapakati. Anaimirira, anayankha mafunso, wanga mawu ake ankamveka bwino pakati pa anzake. Za ulaliki wa tsikulo musandifunse, sindinamve kanthu. Kenako mbale zinayamba kuyenda. Kuno aliyense amatenga mkate n'kuugwira m'manja, kudikira kuti onse alandire, abusa akapereka mawu mpamene onse amadya pamodzi. Kuchokera pamene ndinakhala ndinkangoona msana wa mwana wanga, osadziwa ngati watenga kapena wapatsira mnzake.

Mbale itafika pa ife ndinagwira dzanja la Ababa n'kulitsogolera, anatenga. Kenako inatsala m'manja mwanga. Ndinatenga kachidutswa kamodzi, kopepuka ngati palibe kanthu, n'kupatsira mbaleyo mayi amene anali kumanzere kwanga. Mayiyo, amene takhala benchi imodzi zaka zambiri, anandiyang'ana kawiri.

Abusa anapereka mawu, mitu yonse inawerama, manja anapita kukamwa. Mutu umodzi wokha kutsogolo kuja sunawerame. Mwana wanga anatembenuka thupi lonse, akundifunafuna m'mabenchi, ndipo atandipeza anakweza dzanja pang'ono kuti ndione. Mkate unali pakati pa zala zake. Sankamwetulira. Ankangondiyang'ana, kudikira. Ndinaika wanga m'kamwa iye akuona, ndinatafuna, ndinameza. Anayang'ana agogo ake kanthawi ndithu, kenako anatembenukira kutsogolo, n'kudya.

Anthu onse anali atamaliza, ogawa mgonero atayamba kale kutenga mbale za timakapu. Ababa anali chikhalire, mkate wawo uli m'manja, nkhope italoza kutsogolo kumene sankaonako kanthu. Anapendekera kwa ine n'kunong'ona.

"Wadya?"

"Wadya, Ababa."

"Nanga iwe?"

"Ndadya."

Anagwedeza mutu, n'kudya wawo, womaliza m'tchalitchi monse.